Mmene Mungayamikire Antchito Anu Moti Iwo Akhulupirire

Chaka chikamapita kumapeto, maofesi, masitolo ndi mafakitale ambiri a mu Mzuzu amakonzera antchito awo kaphwando. Pamakhala mpunga, nkhuku ndi zoziziritsa kukhosi, kenako abwana amaimirira n'kunena kuti onse agwira ntchito yotamandika ndipo apitirize chomwecho chaka chamawa. Anthu amaomba m'manja chifukwa ulemu umafuna choncho, koma pamene akukwera njinga za kabaza zotchedwa Sacramento kubwerera ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, ndi ochepa amene amamva mumtima kuti mawu aja amanena za iwo. Mawu oyamika gulu lonse pamodzi sasonyeza kuti wolankhulayo akudziwa chimene munthu aliyense wachita, ndipo wantchito amazindikira msanga ngati bwana wake akudziwadi kapena akungokwaniritsa mwambo. Malangizo otsatirawa ndi a aliyense amene amayang'anira anzake pantchito, kaya ndi mwini golosale ku Katoto, kapitawo wa fakitale ku Luwinga, mphunzitsi wamkulu wa sukulu kapena mkulu wa nthambi ya bungwe, ndipo mutu wake ndi wakuti kuyamika kumagwira mtima pokhapokha woyamikayo atayamba waona ntchitoyo ndi maso ake, komanso atalipira zonse zimene wantchitoyo amayenera kulandira.

Yambani mwabweza ngongole

Musanaganize za satifiketi, mphatso kapena phwando, tsegulani mabuku a malipiro ndipo muone ngati pali chimene muli nacho ngongole kwa antchito anu. Lamulo la Employment Act la m'chaka cha 2000 limanena kuti maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo ovataimu ya tsiku wamba ilipidwe pa mlingo wa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, pamene ya tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma iyenera kulipidwa kawiri. Wogwira ntchito masiku 6 pa sabata ali ndi ufulu wa tchuthi cholipidwa cha masiku osachepera 18 pa chaka, ndipo wogwira masiku 5 ali ndi masiku osachepera 15. Mayi woyembekezera amayenera masabata 8 a tchuthi ndi malipiro ake onse, ndipo kuyambira m'chaka cha 2021, pamene lamuloli linakonzedwanso, bambo nayenso amapatsidwa masabata 2 mwana akabadwa. Pa nkhani ya penshoni, olemba ntchito amayenera kuika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro ndipo wantchito amaika K5, koma ndalamayo iyenera kufikadi ku kampani yosunga penshoni, chifukwa kuidula pa malipiro n'kuisunga m'thumba la bizinesi ndi mlandu.

Zonsezi ndi ufulu wa wantchito, ndipo bwana amene amazipereka monga chifundo chake amadzichotsera ulemu. Ndinagwirapo ntchito pamalo ena pamene akuluakulu anaitanitsa antchito onse pabwalo n'kuwagawira magambutsi ndi maovolosi, wina akujambula zithunzi, ngati kuti ndi mphatso ya ntchito yabwino. Zovala zodzitetezera pantchito ndi udindo wa olemba ntchito malinga ndi lamulo la m'chaka cha 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, ndipo amene analandira magambutsiwo ankadziwa zimenezo, popeza anali atakhala miyezi yambiri akuwapempha. Anaomba m'manja, koma kwa nthawi yaitali nkhaniyo inali yoseketsa pa nthawi ya nkhomaliro. Chimodzimodzi, mawu okoma olankhulidwa kwa munthu amene malipiro ake achedwa ndi masabata awiri amamveka ngati chipongwe, ndipo sangamuletse kupita ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti loona milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito, lomwe lili ndi nthambi yake muno mu Mzuzu. Ngati bizinesi ili pamavuto ndipo malipiro achedwa, chinthu chaulemu ndi kuwauza antchito zoona, kutchula tsiku limene mudzalipire, ndi kulisunga tsikulo.

Katswiri wina wa ku America, Frederick Herzberg, anafalitsa m'chaka cha 1959 zotsatira za kafukufuku amene iye ndi anzake anachita pakati pa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a m'dera la Pittsburgh. Anawapempha kuti afotokoze nthawi imene anasangalala kwambiri pantchito ndi nthawi imene anakhumudwa kwambiri. Anapeza kuti zokhumudwitsa zinkachokera kawirikawiri ku malamulo a kampani, kayang'aniridwe, malipiro ndi malo ogwirira ntchito, pamene zosangalatsa zinkachokera ku kupambana pa chimene munthu wachita, kuyamikiridwa, ndi kupatsidwa udindo. Tiyenera kukumbukira kuti anthu amene anawafunsawo sankagona ndi njala, kotero sitingatengere zonse kwa mlonda amene malipiro ake amathera pa lendi ndi thumba la chimanga. Komabe phunziro lake likugwira ntchito kuno: kulipira bwino kumachotsa dandaulo, kuyamika kumapatsa munthu mtima wolimbikira, ndipo chimodzi sichingalowe m'malo mwa chinzake.

Phunzirani kuona

Gawo lovuta kwambiri pa nkhaniyi ndi kudziwa chimene mukuyamikacho. Oyang'anira ambiri amaona msanga zolakwika, chifukwa cholakwika chimadzibweretsa chokha pa tebulo, pamene ntchito yabwino imadutsa mwakachetechete. Njira yosavuta ndi kukhala ndi kabuku kakang'ono, kapena tsamba la pa foni, mmene mumalembamo tsiku, dzina la munthu ndi chinthu chabwino chimene wachita. Lachisanu lililonse werengani zimene mwalemba. Mukaona kuti patha mwezi wathunthu dzina la munthu wina lisanalowe m'kabukumo, dzifunseni ngati munthuyo sakuchitadi kanthu kapena ngati inuyo simufika kumene amagwirira ntchito. Nthawi zambiri yankho limakhala lachiwirilo.

Pali ntchito zina zimene zimaoneka pokhapokha zikalephereka, ndipo eni ake ndi amene amaiwalika kwambiri. Mlonda amene wakhala panja usiku wonse m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, imene aliyense wokhala mu Mzuzu amaidziwa kuluma kwake, sakhala ndi chosonyeza m'mawa kupatula kuti palibe chabedwa. Dalaivala amene wadutsa m'nkhungu ya ku Chikangawa kapena watsika mapiri a ku Chiweta ndi katundu wodzaza galimoto n'kufika bwinobwino amangopereka makiyi n'kumapita kwawo. Kalaliki wa kosungira katundu amene mabuku ake amagwirizana ndi zimene zili pa mashelefu mwezi ndi mwezi, mayi amene amakolopa m'maofesi anthu asanafike ngakhale m'miyezi ya mvula pamene aliyense amalowa ndi matope ofiira kumapazi, mesenjala amene amaima pa mzere ku banki theka la tsiku, onsewa amachititsa kuti ena agwire ntchito mosadodoma. Kuti muwaone, muyenera kusintha nthawi ndi njira zanu: fikani kuntchito 6 koloko m'mawa tsiku lina, lowerani khomo lakumbuyo, khalani pang'ono kumene amapakira katundu. Funsaninso akapitawo ndi makasitomala, ndipo funso lake likhale lolunjika, monga lakuti ndani anakuthandizani sabata ino ndipo anachita chiyani, chifukwa mukangofunsa ngati zonse zili bwino mudzayankhidwa kuti zili bwino.

Samalani ndi chizolowezi choyamika okhawo amene amazimitsa moto. Munthu amene amasiya ntchito mpaka tsiku lomaliza kenako n'kuchezera usiku kuti aimalize amaoneka ngati ngwazi, pamene mnzake amene anamaliza yake masiku atatu m'mbuyomo popanda phokoso saonedwa. Mukamayamika wochezera usiku yekhayo, antchito onse amaphunzira kuti kuchedwa kuli ndi phindu.

Mawu ake

Mukadziwa chimene munthu wachita, muuzeni msanga, sabata isanathe, nkhaniyo idakali yotentha. Mawu oyamika abwino amatchula chinthu chenichenicho chimene chinachitika, amafotokoza chimene chinapindulitsa kapena chimene chinapulumutsa, ndipo amathera pa kuthokoza. Mwachitsanzo, mmalo mongonena kuti mukugwira bwino ntchito, mungathe kunena kuti: “Bambo, Lachiwiri lija munazindikira kuti inivoisi ya simenti inalembedwa matumba ochuluka kuposa amene anatsitsidwa, ndipo munakana kusayina mpaka atakonza. Mukanapanda kutero tikanalipira katundu amene sitinalandire. Zikomo kwambiri.” Munthu womva mawu otere amadziwa kuti sakanauzidwa wina aliyense, ndipo amadziwanso khalidwe limene ayenera kulipitiriza.

Mukatha kuthokoza, lekerani pomwepo. Mabwana ambiri amawononga zonse ndi kamawu kakuti “koma”, n'kulumikiza pomwepo dandaulo la kuchedwa kwa dzana, kapena amathokoza ngati khomo lolowera popempha munthu kuti abwere Loweruka. Antchito akazolowera zimenezo, amayamba kuchita mantha akangomva mawu okoma ochokera kwa bwana, podziwa kuti pali chimene chikubwera. Kudzudzula kuli ndi nthawi yake ndi malo ake, ndipo kumamveka bwino kukachokera kwa munthu amene amadziwikanso kuti amaona zabwino.

Katchulidwe ka munthu n'kofunika monga mawu enawo. Wantchito wamkulu msinkhu, ngakhale akhale wotsika paudindo, amatchulidwa ndi ulemu wake, kuti bambo, mayi kapena ndi chiwongo chake, ndipo bwana wachinyamata amene amaitana mlonda wa msinkhu wa bambo ake kuti “iwe” sangakonze zimenezo ndi satifiketi. Mu Mzuzu muli anthu ochokera m'zigawo zonse, ndipo pantchito pamamveka Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde, Chichewa ndi zilankhulo zina. Mayi amene kwawo amatchulidwa ndi Nya- kutsogolo kwa chiwongo chake amasangalala kumva bwana wochokera kuchigawo chapakati akumutchula chomwecho, monga mmene wa Na- amasangalalira akatchulidwa mwa kwawo. Kuphunzira kunena kuti “yewo chomene” kapena “tawonga” sikutenga tsiku, ndipo munthu amene wakhala zaka zingapo mumzinda uno osaphunzira ngakhale mawu amenewa amaoneka ngati mlendo wongodutsa.

Pagulu kapena paokha

Mabuku ambiri a utsogoleri amalangiza kuti munthu ayamikidwe pagulu nthawi zonse, koma malangizo amenewo ayenera kuyezedwa ndi mmene anthu athu amakhalira. Mzuzu ndi mzinda wa anthu oposa 220,000 malinga ndi kalembera wa m'chaka cha 2018, koma amene amagwira ntchito malo amodzi amakumananso kutchalitchi, kumsika, kumaliro ndi ku banki m'khonde, moti chimene chanenedwa pa msonkhano wa Lolemba chimafika kumakomo dzuwa lisanalowe. Pali anthu amene amakondwera kuitanidwa kutsogolo, ndipo pali ena amene amaopa nsanje, amaopa kutchedwa okondedwa a bwana kapena akazitape, moti kuwaimiritsa pagulu n'kuwasenzetsa katundu. Njira yabwino ndi kuyamba mwamuthokoza munthuyo panokha, kenako n'kumufunsa ngati angalole kuti mudzatchule nkhaniyo pa msonkhano. Akakana, lemekezani kukana kwake.

Mukamayamika pagulu, musagwiritse ntchito munthu mmodzi ngati chikwapu chokwapulira ena. Mawu akuti enanu mutengere chitsanzo kwa mnzanuyu amamusandutsa mdani wa onse tsiku lomwelo, makamaka ngati woyamikidwayo ndi wachinyamata kapena wangoyamba kumene ntchito pamene ena akhalapo zaka zambiri. Ngati ntchitoyo inagwiridwa ndi gulu, tchulani gawo la aliyense, kuyambira amene analemba lipoti mpaka amene anakonza jenereta magetsi atathima, pakuti mutu umodzi susenza denga ndipo osenza nawowo amadziwana. Magulu a WhatsApp a kuntchito ndi pagulu ndithu, ndipo uthenga wolembedwa pamenepo umatha kutumizidwa kulikonse, choncho lembani zokhazo zimene munganene pamaso pa onse.

Pali mtundu wina wa kuyamika umene antchito amauwerengera kwambiri ngakhale umachitika iwo palibe. Maofesi ambiri a mu Mzuzu ndi nthambi za mabungwe ndi makampani amene malikulu awo ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo akuluakulu a kumeneko amadziwa dzina la mkulu wa nthambi yekha. Mukamalemba lipoti lopita ku likulu, tchulani mayina a amene anachita ntchitoyo, ndipo akuluakuluwo akabwera kudzayendera, mupatseni mpata wantchitoyo kuti afotokoze yekha chimene anakonza. Bwana amene amatenga maganizo a wantchito wake n'kukawapereka kumwamba ngati ake amaganiza kuti sizidziwika, koma zimadziwika, ndipo kuyambira tsiku limenelo maganizo abwino amasiya kumufika.

Kalata imakhalitsa

Pa ntchito yaikulu, mawu apakamwa atsatidwe ndi kalata. Ikhale yaifupi, yolembedwa pa pepala la kampani, yokhala ndi tsiku, yofotokoza chimene munthuyo anachita, ndipo isayinidwe ndi dzanja. Kope imodzi mumupatse mwini wake ndipo ina ilowe m'faelo yake. Mafaelo ambiri a antchito amadzaza ndi makalata a chenjezo okhaokha, moti nthawi yokweza anthu maudindo ikafika, kapena bwana watsopano akabwera, mbiri yokhayo imene ilipo ndi ya zolakwa. Kalata yoyamika imathandizanso munthu akamakafunsira ntchito kwina, ndipo bwana wosafuna kulemba kalata poopa kuti wantchito wake angamuthawe akuonetsa kuti amafuna kumusunga pomubisa. Ngati wolandirayo sawerenga bwino Chingerezi, lembani m'chilankhulo chimene amamva, kuti akakafika nayo kunyumba athe kuwawerengera ana ake.

Ndalama ndi mphatso

Pamene bizinesi yapeza phindu chifukwa cha khama la antchito, kuyamika kwa mawu okha sikukwanira, ndipo antchito amene amaona katundu akutuluka tsiku ndi tsiku amadziwa bwino ngati chaka chayenda bwino. Bonasi ikhale ndi ndondomeko yodziwika chaka chisanayambe: aliyense adziwe chimene chiyenera kukwaniritsidwa, mmene ndalamayo idzawerengedwere ndi mwezi umene idzaperekedwe. Bonasi yoperekedwa mobisa, wina envelopu yonenepa wina yowonda popanda chifukwa chomveka, imabala udani woposa umene ukanakhalapo pakanapanda bonasi. Kumbukirani kuti bonasi imawerengedwa ngati malipiro ndipo imadulidwa msonkho wa PAYE wopita ku MRA, choncho muwauziretu anthu ngati ndalama imene mwatchulayo ndi yodulidwa kale kapena ayi, kuti asakhumudwe poona imene yalowa ku akaunti. Musalonjeze chimene simungathe kupereka, chifukwa lonjezo la bonasi losakwaniritsidwa limakumbukiridwa zaka zambiri.

Onaninso kawirikawiri mlingo wa mphatso zimene zinakhazikitsidwa kale. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero mphatso ya wotumikira zaka 10 imene inalembedwa m'malamulo a kampani zimenezi zisanachitike ikhoza kukhala yochititsa manyazi lero. Ena amapewa vutoli poyeza mphatsoyo ndi malipiro a munthuyo, monga theka la mwezi kapena mwezi wathunthu, ndipo ena amapereka katundu.

Posankha katundu, funsani eni ake. Chikho chonyezimira kapena chithunzi cha pakhoma chimakondweretsa wopereka kuposa wolandira, pamene malata, matumba a simenti, njinga, thumba la feteleza mvula ikayandikira, kapena thandizo la fizi mwezi umene sukulu zikutsegulidwa zimalowa m'moyo wa banja lonse. Tsiku lopuma loonjezera pambuyo pa ntchito yolemetsa, monga kuwerenga katundu yense wa m'sitolo, ndi mphatso yotsika mtengo imene anthu amaikonda. Kumwa ndi kudya pamodzi kuli ndi malo ake, koma phwando la usiku lokhala ndi mowa limasiya kunja amayi olera ana, anthu amene chipembedzo chawo sichiwalola, ndi amene amakhala kutali, choncho nkhomaliro ya masana imafikira anthu ambiri. M'maofesi a boma ndi m'mabungwe oyendera thandizo, mphatso iliyonse ichokere ku bajeti yovomerezeka ndipo ilembedwe, kuti isadzasanduke funso pa nthawi ya kauniuni wa mabuku.

Chenjezo lina ndi la mabwana aamuna. Mphatso yoperekedwa mwamseri kwa wantchito wamkazi mmodzi, mawu oyamika maonekedwe ake mmalo mwa ntchito yake, kapena kumuitanira ku chakudya cha madzulo awiriwiri monga njira yomuthokozera, zimamuika pamalo ovuta ngakhale woperekayo atanena kuti analibe cholinga choipa. Lamulo la Gender Equality Act la m'chaka cha 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana pantchito, ndipo muyeso wosavuta ndi wakuti mphatso imene simungathe kuipereka ena akuona musaipereke.

Za wantchito wopambana pa mwezi

Malo ambiri amakonda kupachika chithunzi cha wantchito wopambana pa mwezi, ndipo ine sindiikhulupirira kwenikweni njira imeneyi. Pa anthu 30, imakondweretsa mmodzi n'kusiya 29 akufunsa chifukwa chake. Ikapitirira miyezi ingapo, imathera pa chimodzi mwa ziwiri: mayina omwewo amabwerezedwa, kapena akuluakulu amayamba kungozunguliza kuti aliyense alandireko, ndipo pamenepo tanthauzo lake latha. Ngati mwasankha kuigwiritsa ntchito, lembani poyera zimene zimayang'anidwa, lolani antchito anzawo kupereka mayina pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo kagulu kosankha kakhale ndi anthu a magawo ndi maudindo osiyanasiyana. Musayerekeze wogulitsa, amene ntchito yake imawerengeka ndi ndalama, ndi wokonza makina, amene ntchito yake imayezedwa ndi kusawonongeka kwa zinthu.

Pakutha pa chaka, yang'anani mndandanda wa onse amene anayamikidwa, kukwezedwa kapena kutumizidwa ku maphunziro okhala ndi alawansi, ndipo muone ngati sakuchokera ku boma limodzi, mpingo umodzi kapena mtundu umodzi ndi inuyo. Kukondera kotere nthawi zambiri kumachitika mosazindikira, chifukwa munthu amacheza momasuka ndi olankhula chilankhulo chake ndipo amamva zambiri za ntchito yawo. Lamulo la ntchito limaletsa tsankho lotengera mtundu, chilankhulo, chipembedzo, ndale, ulumali kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo mumzinda wosakanikirana ngati uno antchito amawerengera zimenezi mosamala kuposa mmene mabwana amaganizira.

Pa tsiku la zovuta

Kwa anthu ambiri, umboni weniweni wakuti amawerengedwa kuntchito umaoneka pa matenda ndi pa maliro. Wantchito amene wagonekedwa ku Mzuzu Central Hospital amakumbukira amene anabwera kudzamuona, ndipo woferedwa amakumbukira ngati kuntchito kunachokera galimoto, chipepeso ndi anthu odzakhala nawo pa siwa. Bwana amene amapita ku maliro a m'banja la akauntanti koma n'kungotumiza uthenga pa maliro a m'banja la mlonda waonetsa poyera mmene amawaonera anthu ake. Khazikitsani ndondomeko imodzi ya onse, yonena thandizo limene kampani imapereka, masiku amene woferedwa amaloledwa kukhala kumudzi, poganizira kuti ulendo wa ku Chitipa kapena ku Nsanje sufanana ndi wa ku Ekwendeni, komanso amene amapita kukaimira kampani. Munthuyo akabwerera, mupatseni masiku angapo a ntchito yopepuka, ndipo muthokozenso anzake amene anamugwirira ntchito iye kulibe.

Kumukuza munthu

Kuyamika kumene kumasintha moyo wa munthu ndi kumupatsa mwayi wokula. Olemba ntchito amalipira kale msonkho wa K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo wopita ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso, choncho ndi nzeru kufufuza maphunziro a luso amene antchito anu angapindule nawo, kaya ku Mzuzu Technical College kapena kwina. Wina akufuna kulembanso mayeso a MSCE, wina akuphunzira pa Mzuzu University kudzera m'maphunziro a patali, ndipo chimene akusowa kwa inu mwina ndi kumulola kuweruka msanga masiku ena kapena kumupatsa tchuthi pa nthawi ya mayeso. Pakapezeka mpata wa udindo, yambani mwayang'ana m'kati musanalengeze kunja. Koma muchenjere ndi chizolowezi chomuunjikira ntchito munthu wodalirika popanda kusintha udindo kapena malipiro ake, chifukwa iye amaona kuti mphotho ya kulimbikira ndi katundu wochuluka, pamene waulesi akupuma. Ngati mwamupatsa udindo wogwirizira, lembani kalata yonena nthawi yake ndi alawansi yake.

Musaiwale aganyu ndi antchito a nyengo, monga amene amalembedwa pa nthawi ya msika wa fodya kapena yokolola ndi kukonza khofi. Iwowa amachoka phwando la Disembala lisanafike, ndipo kawirikawiri palibe amene amawathokoza. Tsiku lawo lomaliza, alipireni zonse, athokozeni powatchula mayina, ndipo amene anagwira bwino muwauze kuti mudzawaitana poyamba nyengo ikubwerayo, kenako mudzawaitanedi. Wantchito aliyense amene akuchoka, kaya wapuma chifukwa cha ukalamba kapena wapeza ntchito kwina, ali ndi ufulu wopempha chikalata chosonyeza nthawi imene wagwira ntchito ndi mtundu wa ntchitoyo, ndipo ndi bwino kuchikonzeratu pamodzi ndi mapepala a penshoni kuti asamayende maulendo ambiri kudzachilondola. Pa mwambo wotsanzikana ndi wopuma pantchito, itanani mkazi kapena mwamuna wake, tengani kabuku kanu kaja ndi faelo yake, ndipo musankhemo zinthu ziwiri kapena zitatu zimene anachita, ndi zaka zake, zoti mukanene pamaso pa banja lake ndi anzake amene akutsala.